Khosi losatha kuwawa: kukaliza mafupa kapena kupita ku fiziyo?

Azakhali anga ndi telala. Asoka pakhonde la sitolo imodzimodzi kwa zaka zoposa 20, ndipo zaka zingapo zapitazi ukawaitana uli kumbuyo kwawo satembenuza mutu wokha. Amatembenuka thupi lonse, mapewa ndi chifuwa pamodzi, ngati munthu wosenza ndowa yodzaza. Dzuwa likamapendeka umawaona asiya kupalasa makina, dzanja lili pankhongo, akufinya pamene khosi limakumana ndi phewa lamanja. Mwana wawo amene ali ku Johannesburg atawaitana kukacheza anawatengera kwa chiropractor, munthu wophunzira ntchito yoliza mafupa a msana ndi khosi ndi manja, ndipo pobwera anasimba mokondwa kuti munthuyo anangowagwira mutu ndi manja awiri, n'kuupotoza kamodzi, kho! Akuti anamva ngati awatula mtolo wa nkhuni. Masabata awiri anasoka bwinobwino. Sabata yachitatu dzanja linabwerera pankhongo.

Atandifunsa ngati ayambe kusunga ndalama zokabwererako, sindinayankhe msanga, chifukwa mpumulo umene anaupeza unali weniweni ndipo sindinkafuna kuupeputsa. Zimene ndalemba pano ndi yankho limene ndinawapatsa patapita nthawi, ndipo ndi la anthu amene khosi lawo lawawa kupitirira miyezi itatu. Achipatala amatenga miyezi itatuyo ngati malire: ululu ukafika pamenepo sukhalanso wa munthu amene wangogona molakwika usiku umodzi.

Kuliza khosi n'kutani kwenikweni

M'khosi muli mafupa 7 osanjikizana, ndipo pamwamba pake pakhala mutu wolemera pafupifupi makilogalamu 5. Pamene fupa limakumana ndi linzake pali timfundo ting'onoting'ono tokhala ndi madzi otereretsa. Woliza khosi amatembenuza mutu mpaka pamene mfundoyo imathera, kenaka n'kuikankha mwachangu kwambiri koma pang'ono chabe. Pachingerezi amati manipulation. Phokoso limene limamveka lija si fupa lobwerera m'malo mwake. Ndi kathovu ka mpweya kamene kamapangika m'madzi a mfundo ikatseguka mwadzidzidzi, chimodzimodzi ndi zimene zimachitika mwana akamaliza zala zake. Mu 2015 akatswiri a pa University of Alberta ku Canada anajambula chala chikukokedwa mkati mwa makina ojambula zamkati mwa thupi otchedwa MRI, ndipo kathovuko kanaoneka kakupangika nthawi yomwe phokoso limamveka. N'chifukwa chake mfundo ikalira imafuna mphindi ngati 20 kuti ilirenso.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa anthu ambiri amauzidwa kuti fupa lawo linasuntha kapena linatuluka, ndiye akufunika kumabwera kuti azilibwezeretsa. Fupa la m'khosi likasunthadi, monga zimachitikira pangozi ya galimoto kapena munthu akagwa mumtengo, imeneyo ndi nkhani ya madokotala a mafupa, ndipo palibe amene angayerekeze kuligwira ndi manja. Chimene kuliza kumachita n'chakuti minofu yozungulira mfundo imamasuka, ndipo uthenga wa ululu wopita ku ubongo umachepa kwa kanthawi. Munthu amatembenuka bwino, amamva kupepuka. Zimenezo n'zoona, ndipo kwa munthu amene wakhala miyezi asakugona tulo tabwino si chinthu chochepa.

Ntchito ya ma chiropractor inayamba mu 1895 ku Davenport, m'chigawo cha Iowa ku America, ndi munthu wotchedwa D. D. Palmer. Ku South Africa amaphunzira ku Durban University of Technology ndi ku University of Johannesburg, ndipo amalembetsa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito yawo. Ku Britain aliko ambiri, pamodzi ndi ma osteopath amene nawonso amaliza mafupa. Kuno kwathu ndi osowa. Amene amapezeka mosavuta ndi ena: mnzako wakuntchito amene amati amadziwa kuwongola khosi, wosisita thupi amene amamaliza ntchito yake ndi kupotoza mutu, kapena iwe mwini ukadzigwira chibwano n'kudzipotoza. Pa gulu limeneli maganizo anga ndi amodzi basi: musalole, ndipo musadzichite nokha. Chifukwa chake ndichifotokoza m'munsimu.

Nanga ku fiziyo amachita chiyani

Munthu wa fiziyo wodziwa ntchito amayamba ndi mafunso: mumagwira ntchito yanji, mumakhala pampando wotani, mumasenza chiyani, mumagonera pilo kapena ayi, ululu umatsikira m'dzanja kapena umakwera kumutu. Amayeza mphamvu ya manja, amaona mmene khosi likutembenukira. Kenaka amakupatsani mafizo. Pamenepa ndi pamene ambiri amakhumudwa, chifukwa anapita kuti akawachite chinachake, koma abwera ndi ntchito yoti azikaichita okha kunyumba.

Mafizowa amalimbana ndi chimene chimasunga ululu. Kutsogolo kwa mafupa a khosi, mkati kwambiri kumene simungakhudze ndi chala, kuli timinofu timene timagwira mutu kuti ukhale wowongoka. Mwa anthu a khosi lowawa kwa nthawi yaitali, timinofu timeneti timafooka, ndiye minofu yakunja, ya m'mbali ndi ya pamapewa, imagwira ntchito yonse tsiku lonse mpaka imauma gwa. Malo aja azakhali amafinya ndi pamene pamamveka kutopa. Mukapasisita pamamasuka, koma mawa pabwereranso kuntchito yomweyo ngati zamkati zikadali zofooka.

Pali kafukufuku wa ku Finland amene anatuluka mu 2003 ndipo ndimaona kuti amakhudza anthu ngati azakhali. Anatenga amayi 180 ogwira ntchito m'maofesi, onse a khosi lowawa kwa nthawi yaitali, n'kuwagawa patatu. Gulu lina linkalimbitsa khosi pokankha lamba wa mphira ndi mutu, lina linkadzutsa mutu mobwerezabwereza litagona pansi, ndipo lachitatu linangolangizidwa zodziwongola ndi kuyenda. Patatha chaka, magulu awiri oyambawo ululu unali utatsika kwambiri kuposa lachitatu, ndipo a lamba wa mphira aja mphamvu yoweramitsira khosi inali itawirikiza kawiri. Chaka chathunthu, katatu pa sabata. Kuleza mtima kotereku n'kumene mafizo amafuna, ndipo ndi vuto lawo lalikulu.

Njira ziwirizi anaziikaponso pamodzi n'kuziyesa. Ku Minnesota, mu kafukufuku wa 2001 wa anthu 191, amene anangolizidwa mafupa basi sanapindule ngati amene anachita mafizo, kaya mafizowo anali okha kapena ophatikiza ndi kuliza. Mu 2012 akatswiri a komweko anayesa anthu 270, ndipo anapeza kuti amene ankachita mafizo moyang'aniridwa anapeza bwino mofanana, kaya analizidwanso khosi kapena ayi. Chimene chimandipatsa chikhulupiriro pa zotsatirazi n'chakuti ofufuzawo anali a pasukulu yophunzitsa ma chiropractor.

Komabe si fiziyo yonse imene ili yofanana. Pali malo ena kumene mukafika amakugonekani, n'kukuikani nyali yotentha kapena timawaya tonjenjemeretsa khungu, mphindi 15 zikatha n'kukuuzani kuti mubwerenso Lachinayi. Zimamveka bwino pathupi, koma pa khosi la nthawi yaitali phindu lake n'lochepa ngati palibe mafizo. Chimodzimodzi kolala yovala m'khosi: kuivala masabata ambiri popanda chifukwa chenicheni kumangofooketsa minofu yomwe tikufuna kulimbitsa. Mukapita maulendo atatu osaphunzitsidwa chilichonse choti muzichita kunyumba, funsani mwaulemu kuti, kodi ine ndizichita chiyani masiku amene sindikubwera kuno?

Njira yapakati imene ambiri saidziwa

Manja si a chiropractor okha. A fiziyo nawonso amagwira khosi, koma ambiri amatsata njira yofatsa yotchedwa mobilisation: kukankha mfundo pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, popanda kudzidzimutsa, ndipo wodwala akhoza kunena kuti imani nthawi iliyonse. Ku California, mu kafukufuku wa 2002 wa anthu 336, njira yofatsayi inathandiza mofanana ndi kuliza. Palinso kuliza msana wapamwamba, pakati pa mapewa, kumene kumapeputsa khosi kwa kanthawi popanda kulipotoza n'komwe. Choncho ngati thupi lanu likulakalaka manja, monga mmene la azakhali linkachitira, muli ndi ufulu wonena kuti, ndigwireni mofatsa, kapena lizani kumsana, koma mutu musaupotoze. Wodziwa ntchito sangakwiye nazo.

Ndipo manja ali ndi ntchito yake yeniyeni. Munthu amene khosi lauma moti sangathe n'komwe kuyamba mafizo, kumumasula kaye maulendo angapo kumam'tsegulira njira. Amene mutu umawawa kuchokera pankhongo n'kumakwera mbali imodzi mpaka padiso, kafukufuku wa ku Australia wa 2002 anaonetsa kuti manja ndi mafizo zonse zinachepetsa mutuwo. Chimene sindigwirizana nacho ndi ndondomeko yoti muzipita mwezi ndi mwezi mpaka kalekale, mukulipira ulendo uliwonse, popanda tsiku loti mudzaima panokha.

Za ngozi, tinene mosabisa

Mafizo ngozi yake n'kumva kuphwanya m'minofu masiku oyamba. Kuliza khosi nakonso kawirikawiri kumasiya kuwawa, kutopa kapena mutu kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimatha zokha. Koma pali ngozi ina yosowa kwambiri imene ndi yaikulu. M'mbali mwa mafupa a khosi muli timabowo, ndipo m'timabowomo mumadutsa mitsempha iwiri yopititsa magazi kumbuyo kwa ubongo. Ikafika pafupa lapamwamba penipeni imakhota, ndipo pamenepo ndi pamene imakokeka mutu ukapotozedwa mwamphamvu. Khungu lamkati la mtsempha likang'ambika, magazi akhoza kuundana, munthu n'kuchita sitiroko, ngakhale ali wachinyamata.

Akatswiri amatsutsana ngati kulizako ndiko kumang'amba mtsempha, kapena munthuyo amakhala atang'ambika kale n'kupita kukafuna thandizo chifukwa kung'ambikako kumayamba ndi kuwawa kwa khosi ndi mutu. Kafukufuku wa ku Ontario wa 2008, amene anaunika anthu 818 ogwidwa ndi sitiroko ya mtundu umenewu, anapeza kuti achinyamata mwa iwo anali atapitako kwa chiropractor kapena kwa dokotala wamba masiku ochepa m'mbuyomo mofanana, zimene zikusonyeza kuti ambiri anali atayamba kale kudwala. Ngakhale zili choncho, mu 2014 bungwe la American Heart Association linanena kuti odwala aziuzidwa za nkhaniyi asanalizidwe khosi. Ine ndimaiona motere: ngati njira yofatsa ikupereka phindu lomwelo, palibe chifukwa chosenzera ngozi ngakhale itachepa bwanji, makamaka kwa munthu wokhala kutali ndi chipatala chachikulu kumene angamujambule ubongo tsiku lomwelo.

Munthu akalizidwa khosi kenaka n'kumva chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, kulephera kumeza, dzanzi kumaso, kapena mutu woopsa umene sanaumvepo, asadikire kuti kuche. Apite kuchipatala nthawi yomweyo ndipo akanene kuti anapotozedwa khosi.

Pali anthu amene sayenera kulizidwa khosi n'komwe: a nyamakazi yotupitsa mfundo za zala ndi manja, chifukwa imatha kumasula mafupa awiri apamwamba a khosi, okalamba a mafupa ofooka, amene amwa mankhwala ngati prednisolone kwa nthawi yaitali, omwa warfarin kapena mankhwala ena osungunula magazi, amene anadwalapo khansa kapena sitiroko, ndi amene angochita kumene ngozi.

Kwathu kuno pali chinanso chimene mabuku a ku Ulaya sachiika patsogolo. TB simakhala m'mapapo mokha, imadyanso mafupa a msana, ndipo nthawi zina a m'khosi. Khosi lowawa losasiya ngakhale usiku, pamodzi ndi kutuluka thukuta pogona, kutentha thupi madzulo ndi kuwonda, makamaka kwa munthu amene ali ndi HIV kapena anakhala ndi wodwala TB, limafuna kuyezedwa ndi kujambulidwa munthu aliyense asanaligwire. Fupa lodyedwa ndi TB likapotozedwa likhoza kuphwanyika n'kupanikiza mtsempha waukulu wa msana, munthu n'kufa ziwalo. N'chimodzimodzi mukaona kuti zala zikulephera kumanga mabatani, supuni ikugwa m'manja, miyendo ikudzandira poyenda, kapena dzanja likuchepa mphamvu sabata ndi sabata. Zimenezi si za fiziyo kapena chiropractor poyamba. Yambani mwaonana ndi dokotala.

Kupatula pa zizindikiro zoterezi, kujambula sikuthandiza kwenikweni. Anthu ambiri opitirira zaka 40 akajambulidwa amapezeka ndi mafupa operepeseka m'khosi ngakhale sakumva ululu uliwonse. Azakhali anasunga chithunzi chawo mu envulopu ngati chiweruzo, akumati mafupa anatha. Zinatenga nthawi kuti avomereze kuti zimene zinali pachithunzipo zili ngati imvi.

Ndalama, mtunda ndi nthawi

Ku Malawi fiziyo imapezeka m'zipatala zazikulu za boma, Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, komanso ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi ogwira ntchito yothandiza anthu kuyambiranso kugwiritsa ntchito ziwalo. A fiziyo tsopano amaphunzira konkuno, ku Kamuzu University of Health Sciences. Ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna, ndipo odwala sitiroko, ovulala pangozi ndi ana olumala amayamba ndiwo, zomwe n'zoyenera. Koma apa ndi pamene mafizo amaposa njira inayo pa thumba la munthu wamba. Maulendo awiri kapena atatu akwanira kuti akuyezeni, akuphunzitseni ndi kukukonzani pamene mukulakwitsa. Zotsalazo mumachitira pamkeka kwanu, osalipira minibasi. Kuliza kumafuna kuti ulendo uliwonse mupite nokha ndi ndalama m'manja. Amene ali ku Britain akhoza kupeza fiziyo kudzera ku NHS, zipatala za boma za kumeneko, ngakhale kudikira kumatalika, pamene chiropractor kawirikawiri amalipira okha.

Zakwathu sindizitaya. Kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda kumamasula minofu, n'kwaulere, ndipo n'kwabwino kuchita musanayambe mafizo. Kusisita mapewa mofatsa kulibe vuto. Mphini sizifika pamene pali vuto, ndipo lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa matenda. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mapiritsi a pagolosale. Brufen, diclofenac ndi indocid amathandiza masiku ochepa ululu ukakula, koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumayambitsa zilonda za m'mimba, kumawononga impso ndi kukweza BP. Azakhali ankasunga kapepala ka mapiritsi m'kabokosi ka ulusi, ndipo ankamwa asanadye.

Zimene azakhali akuchita tsopano

Anapita ku fiziyo maulendo atatu. Ulendo woyamba anawagwira khosi mofatsa ndipo anabwera akudandaula kuti silinalire. Koma anawaphunzitsa zinthu zochepa zimene akuchitabe. M'mawa amagona chagada pamkeka, kathaulo kopinda kali pansi pa mutu, n'kugwedeza mutu pang'ono kwambiri ngati munthu wovomera kuti eya, chibwano chikulowera kukhosi, mutu osaudzutsa. Amagwira masekondi 10, kakhumi. Poyamba ankakakamiza mpaka minofu ya m'mbali mwa khosi kuoneka itatukuka, ndipo anawauza kuti akatero ndiye kuti zakunja zalandanso ntchito, achepetse mphamvu. Madzulo amamangirira chubu chakale cha njinga pa nsanamira ya khonde, n'kuchikoka ndi manja awiri zigongono zikupita kumbuyo, mapewa akukumana. Amanyamulanso mabotolo awiri odzaza mchenga, kukweza mapewa ndi kutsitsa. Katatu pa sabata.

Kuntchito anaika njerwa pansi pa miyendo ya tebulo la makina kuti asamawerame kwambiri, anagula magalasi owerengera chifukwa zinapezeka kuti ankayandikitsa nkhope pa singano posaona bwino, ndipo akamaliza msoko wautali amaimirira kaye n'kuyang'ana kutali. Madzi anasiya kusenza ndowa ya malita 20, yomwe ndi makilogalamu 20 pamwamba pa khosi lodwala. Amatunga theka, kawiri, ndi nkhata yochindikala. Kwa inu a m'maofesi ndi a pafoni mfundo ndi yomweyo. Palibe kakhalidwe kamodzi kolondola koti muume nako tsiku lonse, chofunika n'kusakhalitsa malo amodzi.

Masabata atatu oyamba sanaone kusintha ndipo ankafuna kusiya. Ndikukuuzani zimenezi chifukwa ambiri amasiyira pomwepa, pamene minofu imafuna masabata 6 mpaka 12 kuti iyambe kusintha mooneka. Cha m'mwezi wachitatu ndi pamene mwana wa mlongo wawo anazindikira kuti akawaitana akutembenuza mutu wokha. Ululu sunatheretu. Nthawi ya mayunifolomu, sukulu zikamatsegulira, akasoka mpaka usiku, umabwera ndithu, ndipo amathowa, n'kumwa panado, n'kupitiriza mafizo mopepuka. Akadzapitanso ku Johannesburg akuti akhoza kukaonana ndi chiropractor uja, ndipo ndinawauza kuti palibe choletsa malinga akamuuze kuti agwire msana wa pakati pa mapewa ndi kusisita khosi mofatsa, mutu ausiye, komanso akamuonetse mafizo amene akuchita kuti aone ngati pali chowonjezera. Chubu cha njinga anena kuti adzachiika m'chikwama.